Chithunzi choyenda sichidziwa kukayika

Pa nkhani za pa kanema pali munthu amene owonera samuona nkhope ndipo samumva mawu, koma ntchito ya manja ake imakhala pamaso pawo kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Iyeyu ndi amene amapanga kamzere ka m'munsi kolemba dzina ndi udindo wa woyankhula, mapu osonyeza kumene namondwe akulowera, mizere yokwera ndi kutsika ya mitengo ya zinthu, komanso kandege kouluka pamwamba pa nyanja kumene kunalibe kamera. M'nyumba zoulutsira nkhani amangoti "wa ma graphics", ndipo kawirikawiri amamuwerengera m'gulu la anthu a zipangizo. Ntchito imamupeza kumapeto: mtolankhani watola, mkonzi wadula, ndiye wina amabwera ndi kapepala kuti tikometsereni apa. Ine ndikuona kuti kaganizidwe kameneka n'kolakwika, ndipo kulakwika kwake kumalipidwa ndi owonera. Munthu ameneyu ndi mtolankhani, ndipo mwa atolankhani onse ndiye amene ali ndi chida chovuta kwambiri kunenera zoona, chifukwa chithunzi choyenda sichitha kukayika chokha. Choncho luso lake lalikulu lagona pa kudziwa zimene sayenera kujambula, ndipo nyumba ya nkhani imene ikufuna kukhulupiridwa iyenera kumupatsa mphamvu zokana kuzijambula.

Kuti vutoli limveke, tiyambire pa chida chenichenicho. Pulogalamu imene ambiri pa ntchitoyi amadalira ndi After Effects, yomwe inatuluka mu 1993 ndipo lero ili m'manja mwa kampani ya Adobe. Kagwiridwe kake n'kosavuta kufotokoza. Wojambula amaika chinthu pamalo ena pa sekondi yoyamba, n'kuchiikanso pena pa sekondi yachisanu, kenaka kompyuta imadzaza yokha ulendo wonse wa pakati. Malo oikidwa ndi munthuwo amawatcha ma keyframe, pomwe zapakatizo palibe wazinena, makina angosankha njira yosalala kuposa zonse. Kanema wa kuno kwathu ndi wa ku Britain amaonetsa zithunzi 25 pa sekondi, kotero kachigawo ka masekondi 30 kamadya zithunzi 750, ndipo chilichonse chiyenera kukhala ndi kanthu. Mtolankhani wolemba ali ndi pothawira. Angathe kunena kuti "apolisi akuti", "zikumveka kuti", "sizinadziwike ngati", ndipo womvera amazindikira pamene umboni wathera. Wojambula alibe mawu otere. Akajambula galimoto, iyenera kukhala ndi mtundu, iyenera kuchokera kumanja kapena kumanzere, iyenera kuthamanga kapena kukwawa, ndipo chilichonse mwa zimenezi chimafika kwa wowonera ngati choona. Kuyendako kumawonjezera china chachikulu. Chinthu chimodzi chikachitika china n'kutsatira pomwepo, diso limamaliza lokha kuti choyambacho ndicho chachititsa chachiwiri, ngakhale pakamwa pa wowerenga nkhani sipanatuluke mawu otero.

Kusowa kwa ndege ya Malaysia Airlines, ya nambala MH370, kunaika zimenezi poyera. Ndegeyo inanyamuka ku Kuala Lumpur pa 8 Malichi 2014 kupita ku Beijing itanyamula anthu 239, ndipo isanathe ola limodzi m'mwamba inasiya kuonekera kwa oyang'anira maulendo a ndege. Zimene zinatsala m'manja mwa ofufuza zinali zochepa: radar ya asilikali imene inaiona itatembenukira kumadzulo, ndi kulumikizana kwa apo ndi apo, pafupifupi kamodzi pa ola, pakati pa ndegeyo ndi setilaiti ya kampani ya Inmarsat. Kulumikizana kulikonse kunkangonena kutalika kwa ndege kuchokera pa setilaitiyo, kotero pa mapu kunkapereka uta wautali makilomita masauzande, ndipo ndege ikanatha kukhala paliponse pa utawo. Umboni unali mauta angapo, pakati pake palibe kanthu. Komabe kwa milungu yambiri owonera padziko lonse ankaona kandege koyera kakuuluka mosatekeseka, kakukhota bwinobwino, kakutsetserekera kum'mwera kwa Nyanja ya India, lero njira iyi mawa ina, malinga ndi katswiri amene wakhala mu situdiyo tsikulo. Wowerenga nkhani ankati mwina, chithunzi chinkati umu ndi mmene zinayendera. Zidutswa za ndegeyo zinadzakokoloka m'mbali mwa nyanja ku Réunion mu 2015, kenaka ku Mozambique ndi ku Tanzania, koma njira imene inadutsa m'maola ake omaliza palibe anaiona. Zojambula zimene zinanena zoona pa nkhaniyi ndi zija zinaonetsa mauta okha n'kusiya pakati pa mbee, ngakhale zinali zosakoma kuziyang'ana.

Wina angati kandege kolakwika pa mapu sikanaphepo munthu. Komatu zilipo zojambula zimene zinathandiza kulambula njira ya nkhondo. Kumapeto kwa Novembala 2001 nyuzipepala ya The Times ya ku London inasindikiza chithunzi cha linga la pansi pa phiri ku Tora Bora, m'dziko la Afghanistan, kumene ankati Osama bin Laden wabisala. Chithunzicho chinang'amba phiri pakati n'kuonetsa zipinda zosanjikizana, mogona, mosungira zida, mapaipi olowetsa mpweya ndi magetsi opangidwa ndi madzi. Patangopita masiku ochepa chinaonekera pa kanema wa NBC, pamene mtolankhani Tim Russert anachionetsa nduna ya zachitetezo ya America, Donald Rumsfeld, yemwe sanachitsutse. Asilikali atafika kumeneko anangopeza timapanga tating'onoting'ono. Pa 5 Febuluwale 2003 nduna ya zakunja ya America, Colin Powell, anaonetsa khonsolo ya chitetezo ya United Nations zithunzi za pakompyuta za magalimoto akuluakulu amene ankati dziko la Iraq likupangiramo zida zofalitsa tizilombo ta matenda. Panalibe chithunzi cha kamera cha magalimoto amenewo. Zojambulazo zinatsamira kwambiri pa mawu a munthu mmodzi wothawa kwawo, wodziwika ndi dzina lobisika lakuti Curveball, amene mu 2011 anavomera kuti ananama. Pa nkhani ziwiri zonsezi wojambula anapatsidwa mphekesera n'kuibweza itavala matayala, mapaipi ndi mithunzi, ndipo udongo wa ntchito yake ndi umene unapatsa mphekeserayo ulemu umene inalibe.

Chotsutsa chimene chimamveka msanga n'chakuti owonera si ana, amadziwa kusiyanitsa chojambula pakompyuta ndi chotoledwa ndi kamera, ndiponso pakona pamakhala mawu akuti "chithunzi choyerekeza". Amene anapita nawo patali maganizo amenewa ndi kampani ya Next Media Animation ya ku Taiwan, ya Jimmy Lai. Katswiri wa gofu Tiger Woods atachita ngozi ya galimoto pafupi ndi nyumba yake ku Florida mu Novembala 2009, kampaniyi inatulutsa mwachangu kanema wa zidole za pakompyuta woonetsa mkazi wake akuthamangitsa galimotoyo atanyamula ndodo ya gofu, zimene Woods mwiniwake anazikana. Anthu mamiliyoni anaonera, ndipo n'zoona kuti ankadziwa kuti ndi zidole. Koma kudziwa pa nthawi yoonera n'kosiyana ndi kukumbukira patapita mwezi. Kachizindikiro ka pakona kamawerengedwa kamodzi, mwinanso osawerengedwa, pomwe chithunzi chimakhazikika m'mutu chokha popanda kachizindikiroko. Zili ngati mboni imene yaima pabwalo la milandu n'kutchula mtundu wa malaya a wakuba, mpeni umene ananyamula ndi khomo limene anatulukira, kenaka pokhala pansi n'kunong'ona kuti zonsezi ndangoganiza. Oweruza amva kale. Masiku ano vutoli lakula chifukwa kanema sathera pamene anaulutsidwira. Amadulidwa, amachepetsedwa m'mbali kuti akwane pa foni, n'kuyamba kuzungulira pa WhatsApp ndi TikTok, ndipo choyamba kugwa pa kudulako ndi ngodya imene munali chenjezo. Chenjezo limene silili m'thupi la chithunzicho silifika kwa ambiri amene adzachione.

Pa manambala munthu angayembekeze kuti zinthu n'zosavuta, poti nambala ndi nambala, koma nakonso kusankha kwa wojambula kumalamula zimene wowonera atengepo. Mu 2012 kanema wa Fox Business anaonetsa tchati cha msonkho wa anthu opeza bwino ku America, umene unali pa 35 peresenti ndipo ukanakwera kufika pa 39.6 peresenti. Manambala onse anali olondola, koma mizati yake inayambira pa 34 m'malo mwa pa ziro, kotero mzati wachiwiri unaoneka wautali kasanu ndi kupitirira kuposa woyamba. Pa pepala munthu angathe kuima n'kuyang'anitsitsa pamene mzati wayambira. Pa kanema tchati chimakhala masekondi owerengeka, mzati ukuchita kumera kuchokera pansi, ndipo chimene chimatsala m'mutu ndi kukwerako. Chitsanzo cha kwathu n'chophunzitsa mwa njira ina. Mu Novembala 2023 banki yaikulu ya Reserve inasuntha mtengo wa dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700, ndipo dziko lonse linamva kuti kwacha yagwa ndi 44 peresenti. Nambala imeneyo ndi ya kukwera kwa mtengo wa dola. Mukawerengera mbali inayo, kuti kwacha yomweyo tsopano ikugula madola angati, kugwako kuli pafupifupi 31 peresenti. Zonse n'zoona ndipo zonse n'zowawa, koma wojambula amene alembe kuti "mphamvu ya kwacha" n'kugwetsa muvi ndi 44 wasakaniza miyeso iwiri. Kuti asatero ayenera kumvetsa masamu ake, ndipo kumvetsa kumeneko ndi ntchito ya utolankhani.

Ngakhale chojambula choona chingathe kusocheretsa ngati wochipanga sanaganizire mmene diso la munthu wamba liwerengere. Mapu a namondwe amene tinazolowera, a mzere wapakati ndi chigawo chimene chimanka chitambasuka kutsogolo, anatchuka ndi bungwe la National Hurricane Center la ku America. Kutambasukako kumatanthauza kuti olosera sakudziwa bwino pamene pakati pa namondwe padzakhale m'masiku akudzawo, ndipo kukula kwake amakutenga pa zolakwika za zaka zisanu zapitazo, moti pakatipo pamayembekezeka kugwera m'kati mwake kawiri pa katatu kalikonse. Koma munthu wongoona amaganiza kuti namondweyo akunenepa, kapena kuti amene ali kunja kwa chigawocho apulumuka. Namondwe Freddy anatiphunzitsa kuopsa kwa kuwerenga kotero. Pakati pake panafika kumtunda kwa Mozambique kachiwiri pafupi ndi Quelimane pa 11 Malichi 2023, koma chimene chinapha anthu ku Chilobwe m'munsi mwa phiri la Soche, ku Mulanje ndi ku Phalombe inali mvula yosalekeza ndi matope otsika m'mapiri. Oposa 600 anatsimikizika kuti afa ndipo ena oposa 500 anasowa. Wojambula amene angotenga mapu a olosera n'kuyendetsa kachizindikiro kozungulira pa mzere wapakati wauza anthu kumene kuli mphepo, pomwe imfa ikubwera ndi madzi. Woganiza ngati mtolankhani amafunsa kaye kuti chimene chivulaze anthu n'chiyani, ndiye amaika patsogolo mapu a mvula, a mitsinje ndi a malo otsetsereka.

Mapu a chisankho ali ndi msampha wofanana. Mu 2016 Donald Trump anapambana m'maboma ang'onoang'ono ambiri a dziko la America, moti mapu anafiira pafupifupi onse, chonsecho Hillary Clinton anamuposa ndi mavoti pafupifupi 3 miliyoni. Mapu amapenta malo, pomwe ovota ndi anthu. Kuno nakonso boma la Mzimba limadzaza diso pa mapu kuposa mzinda wa Blantyre, ndipo boma limene wina wapambana ndi 51 peresenti limalandira mtundu umodzimodzi ndi limene wapambana ndi 95. M'dziko limene anthu amadandaula kale za kuvota motsatira zigawo, mapu opaka mtundu umodzi boma lonse amafufuta aliyense amene anavota mosiyana ndi anansi ake, n'kuuza owonera kuti chigawo chonse chili ndi mtima umodzi. Kusintha kuwala kwa mtundu malinga ndi kuchuluka kwa mavoti, kapena kuika timadontho toimira anthu, n'kotheka ndi zida zomwezo.

Chotsutsa chachiwiri n'champhamvu, ndipo sindikufuna kuchipeputsa. Chimati nkhani yosakoka maso siwoneredwa, ndipo choonadi chimene palibe wachiona sichithandiza munthu. Pali umboni wabwino kumbali imeneyi. Mu Seputembala 2018, namondwe Florence akuyandikira gombe la America, The Weather Channel inaimika wolosera nyengo pakati pa msewu wopangidwa pakompyuta, madzi n'kuyamba kukwera momuzungulira, kufika m'chiuno, kunyamula galimoto, mpaka kupitirira mutu wake pa mamita pafupifupi atatu. Munthu amene nambala ya mamita sinkamugwira mtima anaona ndi maso chifukwa chothawira. Mu 2010 Hans Rosling anaonetsa pa BBC mbiri ya maiko 200 pa zaka 200 m'mphindi zinayi, dziko lililonse lili kampira koyenda malinga ndi chuma ndi zaka zimene anthu ake amakhala ndi moyo. Zonsezi zinali zokoka maso kwambiri, ndipo sindikupezamo cholakwa. Chifukwa chake n'chakuti kuyenda kulikonse m'menemo kunanyamula nambala imene inalipo kale: msinkhu wa madzi unachokera kwa olosera, malo a kampira anachokera m'kaundula wa chaka chimenecho. Choncho mkangano suli pakati pa chokoma ndi chosakoma. Funso loyenera kufunsa chinthu chilichonse choyenda pa sikirini n'lakuti kuyendaku kwachokera kuti. Ngati yankho lili m'mapepala a ofufuza, chiyende ndi mphamvu zonse. Ngati yankho n'lakuti pamenepa pamaoneka pouma, chichotsedwe.

Chotsutsa chachitatu chimachokera kwa anthu okonda chilungamo. Amati kudikira umboni wonse n'kudikira boma, ndipo boma likakhala ndi chobisa ndilo limapindula ndi sikirini yopanda kanthu. Yankho lake lili m'ntchito ya ojambula amene akhala ofufuza. Munthu wina atawombera khamu la anthu ku Las Vegas pa 1 Okutobala 2017, apolisi anasintha kangapo ndondomeko ya nthawi imene zinthu zinachitikira. Gulu la The New York Times linasonkhanitsa makanema 30 a pa foni ndi a apolisi, n'kuwalumikiza potsata kulira kwa mfuti, mpaka linamanga ndondomeko ya mphindi khumi za kuwomberako sekondi ndi sekondi. Bungwe la Forensic Architecture, limene Eyal Weizman anayambitsa mu 2010 pa sukulu ya ukachenjede ya Goldsmiths ku London, linamanganso mu 2017 chipinda cha intaneti cha ku Kassel m'dziko la Germany, mmene munthu wina dzina lake Halit Yozgat anaphedwera mu 2006, pa kukula kwake kwenikweni. Cholinga chinali kuyesa mawu a kazitape wa boma amene anali m'chipindamo koma ankati sanamve mfuti kapena kuona mtembo, ndipo zotsatira zake zinatsutsa mawuwo. Apa chojambula chinayenda patsogolo pa boma, koma mzere uliwonse unali ndi mwini wake: kanema uyu, phokoso ili, muyeso uwu. Kudziletsa kumene ndikunena ndi komwe kunapatsa ntchitozi mano, pakuti wamphamvu akapeza chopeka chimodzi m'chojambula chako amataya chonsecho ndipo anthu amamumvera.

Tiyese muyeso umenewu pa tsoka limene Amalawi sadzaiwala. Pa 10 Juni 2024 ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228, imene inanyamula wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, malemu Saulos Chilima, ndi anthu ena asanu ndi atatu, inasowa, ndipo inapezeka mawa lake itagwa m'nkhalango ya Chikangawa. Usiku woyamba uja zodziwika zinali zowerengeka: inanyamuka ku Lilongwe, inkapita ku Mzuzu, inalephera kutera chifukwa cha nyengo, inabwerera, kulumikizana kunaduka. Wojambula woona mtima akanaika madontho awiri a mizindayo, chigawo chimene asilikali ankafufuzamo, ndi nthawi zimene akuluakulu analengeza, atalemba pomwepo kuti ndani wanena. Kandege kofuka utsi, kopendekeka phiko kapena kogwa chamutu kakanakhala chigamulo pa chimene chinagwetsa ndegeyo, choperekedwa ofufuza a ku Germany asanafike n'komwe, pamaso pa mabanja olira ndi dziko lodzala ndi mafunso. Pa nkhani yotere utsi wojambulidwa ndi mlandu woikidwa pa munthu. Pajatu akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsono pali amene anganene kuti zonsezi n'zoona koma zikulozedwa kwa munthu wolakwika, poti wojambula amangochita zimene wauzidwa, nthawi ili pakhosi, ndipo udindo ndi wa mkonzi. Mbali ina n'zoona, ndipo n'chifukwa chake vutoli silingathe ndi chikumbumtima cha munthu mmodzi. Koma mkonzi amalamula ndi mawu, ndipo mawu ake ndi ochepa poyerekeza ndi zimene chithunzi chimafuna. Akati tionetseni mmene asilikali analowera m'nyumba, sanena kuti anali angati, analowera khomo liti, wa m'nyumbayo anaima kapena anagwada, anali ndi mfuti kapena ayi. Mipata imeneyo amadzaza ndi wojambula, ndipo ndi iye yekha amene amadziwa kuti yachuluka bwanji. Bin Laden ataphedwa ku Abbottabad pa 2 Meyi 2011, nyumba za nkhani zambiri zinatulutsa zojambula za chiwembucho m'maola ochepa, zina zikumuonetsa ali ndi mfuti, kenaka boma la America linasintha nkhani yake n'kunena kuti analibe chida m'manja. Manyazi a sabata imeneyo anachititsa atolankhani Alberto Cairo ndi Juan Antonio Giner kulemba chikalata, chimene akatswiri ambiri a ntchitoyi anasainira, chokumbutsa kuti chojambula cha nkhani ndi utolankhani ndipo chisakhale ndi zopeka. Kuti mfundo imeneyo igwire ntchito, wojambula ayenera kukhala pa msonkhano wa m'mawa pamene nkhani zikugawidwa, aone yekha zolemba za mtolankhani, akhale ndi ufulu woimbira katswiri, ndipo akanena kuti apa tilibe umboni mawu ake alemere ngati a mkonzi wa nkhani.

Nyumba zing'onozing'ono za nkhani zingadandaule kuti zilibe anthu kapena ndalama zochitira zimenezi, poti munthu mmodzi ndiye amadula kanema, kupanga zotsatsa malonda ndi kujambula mapu. Dandaulo limeneli n'lomveka, koma likulozera mbali ina. Kupeka ndiko kumadya nthawi ndi ndalama: kumanga nyumba yonse pakompyuta, kuveka zidole, kuyatsa moto ndi utsi. Mapu a madontho awiri ndi mzere woduladula amatha msanga. Chimene chasintha masiku ano n'chakuti kupeka nako kwatchipa. Mapulogalamu a pa foni ngati CapCut ndi Canva amabwera ndi zokonzeratu zogwedeza, zophulika ndi zowala, ndipo mapulogalamu a AI amatha kutulutsa kanema wooneka ngati wa kamera kuchokera pa chiganizo chimodzi cholembedwa. Luso la manja limene kale linkasiyanitsa katswiri ndi wophunzira likufalikira kwa aliyense. Chimene makina sangachite ndi kudziwa kuti wapolisi ananena zinthu zitatu zokha ndipo chachinayi palibe wanena. Wachinyamata amene akulowa ntchitoyi lero akangodalira kuyendetsa zinthu mosalala akupikisana ndi foni ya aliyense, pomwe akaphunzira kuwerenga lipoti la bajeti, kumvetsa mapu a nyengo ndi kufunsa gwero la nambala ali ndi chogulitsa chimene sichitchipa.

Kukayika kungathe kujambulidwa, bola wojambula achite kufuna. Njira yodziwika imakhala mzere wathunthu, yongoganiziridwa imakhala yoduladula. Malo osatsimikizika amakhala chigawo chofiirira m'mbali mosadulidwa bwino, m'malo mwa kadontho kakuthwa. Anthu amaimiridwa ndi timizere topanda nkhope kapena zovala, kuti wowonera asaiwale kuti akuona chithunzithunzi chabe. Pamene mboni ziwiri zasiyana, sikirini imagawidwa pakati n'kuonetsa zonse ziwiri. Gwero la nambala limalembedwa pakati penipeni pa chithunzi, pamalo amene wodula sangachotse popanda kuwononga chonse. Ndipo pamene umboni wathera, chinthu chimaima, kamera ya pakompyuta imaima, wowerenga nkhani n'kunena kuti kuchokera apa sitikudziwa. Kuima kumeneko kumafuna kulimba mtima kuposa kuyenda, chifukwa m'chipinda cha nkhani kumaoneka ngati ntchito yosamalizidwa.

Pali njira imodzi yosavuta yodziwira ngati nyumba ya nkhani yavomereza zimenezi. Mtolankhani akalakwitsa dzina la nduna kapena chiwerengero cha ovulala, nyumba zodzilemekeza zimapepesa ndi kukonza poyera. Muvi woloza kolakwika, mzati wokokomeza kapena chidole chochita zimene munthu sanachite kawirikawiri zimangochotsedwa mwakachetechete, ngati kuti sizinanene kanthu, chonsecho zinafika kwa anthu ambiri kuposa chiganizo chilichonse cha m'nkhaniyo. Tsiku limene wowerenga nkhani adzanene kuti mapu amene tinakuonetsani dzulo anali olakwika, ndipo olondola ndi awa, wojambula adzakhala atasenzetsedwa mlandu wa mtolankhani. Pamenepo adzayeneranso kulandira malipiro, maphunziro ndi mpando wa mtolankhani.